Funsani Aphunzitsi: "Pick up" wa matayala, wa foni ndi wa apolisi

Mwezi uno makalata atatu afunsa za mawu amodzi a Chingerezi, ndiye ndawaika pamodzi. Yoyamba yafunsa zambiri, n'chifukwa chake yankho lake latalika.

FUNSO LOCHOKERA KU MOATIZE

Aphunzitsi, ndine mnyamata wa ku Ulongwe koma ndikugwira ntchito ku Moatize, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, ngati ajudante (wothandiza dalaivala) pa lole yonyamula katundu kupita ku Blantyre kudzera pa Zobue. Abwana athu ndi a ku Zimbabwe, Chipwitikizi sachidziwa, ndiye timamvana pa Chingerezi chochepa chomwe ndinaphunzira kusekondale. Mawu akuti "pick up" andizunguza mutu. M'mawa amati "Go and pick up the tyres." Ndikapanda kuyankha foni amati "Why didn't you pick up?" Mwezi watha anati "Business is picking up" akumwetulira, koma tsiku lina anati "The police picked him up at the border" nkhope ili gwaa. Ine nditanena kuti "I picked up a chapa to Tete" anandiseka. Ndinalakwitsa pati, ndipo mawuwa kwenikweni amatanthauza chiyani?

YANKHO

Mwana wanga, ziganizo zinayi za abwana akozo n'zolondola zonse, ndipo ngakhale zikuoneka zosiyana, tsinde lake ndi limodzi. Tsindelo ndi kutola. Munthu akawerama, n'kugwira chinthu chomwe chili pansi, n'kuchikweza, Mngerezi amati "pick up". Sipanala ikagwera kunsi kwa lole, adalaivala n'kunena kuti "Pick up that spanner", akunena kutola kwenikweniko, kwa dzanja. Matanthauzo ena onse ndi kutola komweku kutayenda mtunda. Ine sindilangiza munthu kuloweza mndandanda wa matanthauzo a mu dikishonale, chifukwa ukakhala pamzere wa malole pa Zobue abwana akukalipa pafoni, zoloweza zonse zimabalalika. Ana anga a sukulu ndimawauza kuti ukamva "pick up", tchera khutu pa mawu otsatirawo. Chikutoledwa n'chiyani? Nanga wotolayo ndani? Ukayankha mafunso awiriwa, tanthauzo wapeza.

Tiyambe ndi matayala. Matayalawo sali pansi kudikira kuti uwerame. Ali kusitolo kapena kugalaja, analipiridwa kale, akungodikira wokawatenga. Apa "pick up" ndi kukatenga chinthu pamalo pomwe chasungidwa, zomwe pa Chipwitikizi timati levantar kapena ir buscar. Mapepala a katundu kwa ajenti wa pachipata, phukusi lomwe wachibale watumiza pa basi kuchokera ku Beira, pasipoti ku ofesi ya Migração, zonsezi amati "pick up". Pa mapepala a kampani uzionanso mawuwa atalembedwa ngati dzina, "pick-up date" kapena "pick-up point". Limenelo ndi tsiku ndi malo okanyamulira katundu, pomwe lole ikafike yopanda kanthu n'kuchoka itadzaza.

Chotoledwacho chikakhala munthu, ndiye kuti akukwezedwa galimoto. "I will pick you up at the bridge" ndi kunena kuti ndikupeza pa mlatho, ndikukweza. Apa Chichewa ndi Chingerezi zinaganiza mofanana. Abale athu a kutsidya ku Dedza ndi ku Ntcheu amatcha galimoto zonyamula anthu m'njira kuti matola, poti zimatola anthu paliponse pomwe aima. Nayo pikapu yomwe timakwera pochokera ku Domwe titakhalira matumba a mbatatesi, dzina lake linachokera pa mawu omwewa.

Tsopano chapa chija, minibasi yonyamula anthu ija. Chomwe chinakukola si Chichewa ayi, ndi Chipwitikizi. Tonse ophunzira sukulu za kuno tili ndi apanhar m'mutu, ndipo apanhar amayendera limodzi ndi "pick up" mtunda wautali ndithu. Apanhar do chão ndi kutola pansi, apanhar gripe ndi kutenga chimfine, ndipo zonse ziwiri Chingerezi chimalola "pick up". Koma pa apanhar chapa ndi pomwe njira zimasiyana. M'Chingerezi wotola ndi amene ali pa chiwongolero, wokwerayo ndiye wotoledwa. Iwe unaima pamsewu, chapa chinakutola. Ukanati "I took a chapa to Tete", kapena "I caught a chapa", kapenanso "A chapa picked me up at Moatize". Mmene unanenera muja, abwana ako anamva ngati unakatenga minibasi yonse kugalaja n'kuyendetsa wekha mpaka ku Tete. Ndipo dziwa kuti tsiku lomwe udzapeze laisensi, n'kutumidwa kukatenga lole yomwe imakonzedwa, chiganizo chakuti "I picked up the truck from the garage" chidzakhala cholondola kwathunthu.

Za foni sizivuta. Inu ana a masiku ano simunaone matelefoni a nthambo omwe ankakhala ku positi ndi kumaofesi a boma. Akalira, munthu ankanyamula chomverera n'kuchiika kukhutu, ndiye kuyankha kunali kutola ndithu. Lero timangokhudza galasi ndi chala koma mawu aja anatsalira. "He is not picking up" ndi kunena kuti foni ikuitana koma sakuyankha. Ukapeza kuti abwana anaimba uli pansi pa lole, uwauze kuti "Sorry, I couldn't pick up, I was under the truck."

"Business is picking up" ndi wosiyana pang'ono, ndipo taona kuti palibe chinthu chotoledwa. Mawuwa akaima okha chonchi, nkhani isali ya foni, ndiye kuti chinthucho chikudzidzutsa chokha, chinali pansi tsopano chikukwera. Malonda anali atazizira, ayamba kuyenda. Kwathu ku Angónia aliyense wa golosale amadziwa kuti mu Januwale ndi Febuluwale ndalama imasowa, koma anthu akakolola n'kugulitsa chimanga, soya ndi fodya, zinthu zimasintha. Pamenepo Mngerezi angati "Sales pick up after the harvest." Komwe ukukhalako kunachitika zomwezo pamene kampani ya Vale inayamba kutumiza malasha a ku Moatize kunja mu 2011. Nyumba za lendi zinakwera mtengo, malole anachuluka, mpaka mlatho wa Samora Machel wa pa Zambezi ku Tete wokha unachepa, ndipo wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014. Wodwala akayamba kudya phala n'kukhala tsonga, anamwino anganene kuti "She is picking up." Mphepo ikamakula mvula isanagwe, "The wind is picking up." Koma ukamva adalaivala akuti "We are picking up speed" mukutsika zitunda za ku Zobue lole italemedwa, si uthenga wabwino umenewo. Liwiro likuwonjezeka, ndipo akufuna giya yotsika mabuleki asanatenthe.

Za apolisi ndikufuna uzimvetse bwino, chifukwa pantchito yako udzazimva kawirikawiri ndipo mwina udzakhala iwe wokauza banja la mnzako. "The police picked him up" ndi kunena kuti apolisi amutenga, amukweza galimoto yawo, apita naye. Ndi mawu a pakamwa, si mawu a m'malamulo. Sakunena ngati munthuyo wamutsegulira mlandu kapena angofuna kumufunsa mafunso n'kumubweza madzulo. Usathamange kukauza mkazi wake kuti wamangidwa. Yamba wafunsa kuti "Has he been charged?", kutanthauza kuti kodi amuimba mlandu, komanso "Where are they holding him?", kuti udziwe ngati ali mbali ya Zobue kapena ya Mwanza. Mayiko ndi awiri, malamulo ndi awiri, ndipo wokamuthandiza ayenera kudziwa polowera.

Pali gulu lina lomwe sunafunse koma ndilo ndimalikonda kwambiri, la zinthu zosagwirika ndi manja zomwe munthu amatola m'njira osadziwa n'komwe. Chilankhulo ndi chimodzi mwa izo. Nkhondo itafika poipa m'zaka za m'ma 1980, banja lathu linali m'gulu la anthu pafupifupi miliyoni imodzi omwe anathawira ku Malawi. Tinakhala mbali ya Ntcheu, kufupi ndi Lizulu, kumene msewu wa tala ndiwo malire a mayiko awiriwa. Ine ndinalowa sukulu, Chingerezi ndinachiphunzira ndi bolodi ndi choko. Mlongo wanga sanaponde m'kalasi. Ankagulitsa kabichi, anyezi ndi tomato m'mawindo a basi zochokera ku Lilongwe, beseni pamutu, chenji atamanga pansonga ya chitenje. Koma pomwe tinkabwerera kumudzi, mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, iye ankatha kutchula mtengo, kukana mtengo wa wogula, ndi kuwerengera chenji m'Chingerezi kwa azungu odutsa. Mngerezi angatisiyanitse motere: "He studied English, she picked it up." Ndiye wina akadzakuuza kuti "You pick things up fast", usadzaganize kuti akukunena wakuba. Akukuyamikira kuti umagwira zinthu msanga.

M'gulu lomweli muli matenda ndi makhalidwe. Ife a kumapiri tikatsikira kotentha kuchigwa cha Zambezi malungo satisiya, ndipo munthu anganene kuti "I picked up malaria in Tete." Mwana akayamba kutukwana chifukwa cha anzake, "He picked up bad language." Mulinso mafunde a wailesi ndi a foni. Ukafika pa chipata cha Calomue foni yako ya Movitel kapena Vodacom n'kuyamba kukoka netiweki ya Airtel kapena TNM, m'Chingerezi ndi "My phone is picking up a Malawian network." Wailesi ya agogo ku Tsangano ikamagwira MBC, ndi mawu omwewa.

Chomaliza ndikuuza ngati kholo. Pamalo ogona malole udzamva amuna akunena kuti "He picked up a woman last night." Apa sakunena zomupatsa lifiti mayi wopita kuchipatala. Akunena kuti anapezana ndi mkazi wosamudziwa n'kupita naye kukagona. Ngati iwe wathandiza mayi wa katundu pamsewu, nena kuti "We gave a woman a lift to Mussacama", kuti wina asamve zina. Ndipo msewu umene ukuyendawu watilanda anyamata ambiri ndi matenda otengera m'njira imeneyi. Ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha. Udzisamale, mwana wanga.

FUNSO LOCHOKERA KU FURANCUNGO

Aphunzitsi, ndine mtsikana wa kalasi ya 10. Pa mayeso ndinalemba kuti "My pen fell and I picked up it" ndipo anandichongera cholakwa. Koma m'buku muli chiganizo chakuti "She picked up the pen." Kusiyana kwake kuli pati?

YANKHO

Aphunzitsi ako anachonga bwino, mwana wanga, ndipo lamulo lake ukaligwira lero silidzakuvutanso. Chotoledwacho chikatchulidwa ndi dzina lake, uli ndi ufulu wochiika pakati kapena kumapeto. "She picked up the pen" ndi "She picked the pen up" zonse n'zabwino. Koma ukagwiritsa ntchito mlowam'malo, monga it, him, her, me, us kapena them, malo ake ndi amodzi okha, pakati. "I picked it up." "Pick me up." "They picked us up."

Zimenezi zisakudabwitse, chifukwa Chichewa chako chimachita zomwezo tsiku lililonse. Umati "ndinatola cholembera", dzina lili panja pa mneni. Koma ukachotsa dzinalo umati "ndinachitola", kachi kaja kalowa m'kati mwenimweni mwa mneni. Sunganene kuti "ndinatola chi". Ukamalemba "pick up" uzikumbuka "ndinachitola", ndipo "it" adzapita yekha pakati. Chotoledwacho chikakhala cha mawu ambiri, chisiye kumapeto. "She picked up the bag that her mother left at the market" ikumveka bwino, koma kukankhira "up" kumapeto kwa chiganizo chonsecho kumasokoneza womvera.

China chomwe ndimachiona m'makope: zosintha zonse za nthawi zimagwera pa "pick", pomwe "up" sasintha. Dzulo ndi "picked up", panopa ndi "picking up", iye ndi "picks up". Potchula, "picked" amathera pa t, osati pikedi, ndipo mawuwo amalumikizana. "Pick it up" amamveka ngati pikitap, mpweya umodzi. Ana ambiri amalephera kumva mawuwa pa wailesi osati chifukwa sakuwadziwa, koma chifukwa akudikira kumva mawu atatu olekana.

Mabuku athu amafotokoza Chingerezi kudzera m'Chipwitikizi, ndipo pa nkhani iyi ndimaona kuti amatilemetsa pachabe. Chipwitikizi chikafuna tanthauzo lina chimasintha mneni yense: apanhar, escolher, atender, melhorar. Chichewa chimasunga tsinde n'kusintha kumchira: tola, tolera, toledwa, toletsa. Chingerezi nachonso chimasunga tsinde, kungoti kachidutswa kosinthako kamalembedwa padera. "Pick up" ndi kutola, "pick out" ndi kusankha pakati pa zambiri, "pick on" ndi kumangovutitsa munthu mmodzi yemweyo, monga amachitira ana ena kusukulu ndi mnzawo wofooka. Mwana wolankhula Chichewa ali pafupi ndi kaganizidwe kameneka kuposa mwana wa ku Lisboa. Limbikira ndithu. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo chigawo chathu cha Tete chokha chili ndi zipata zopita kumayiko atatu ogwiritsa ntchito Chingerezi: Zobue ndi Calomue ku Malawi, Cassacatiza ku Zambia, Cuchamano ku Zimbabwe. Ntchito za m'zipata zimenezi zimafuna anthu omva zilankhulo zonse zitatu, ndipo ziwiri uli nazo kale.

FUNSO LOCHOKERA KU DOMWE

Aphunzitsi, ndine mayi wa geni ya mbatatesi ndi nyemba. Kasitomala wanga wa ku Lilongwe amandilembera pa WhatsApp kuti "I will pick you at 3." Mwana wanga akuti bamboyo sadziwa Chingerezi, chifukwa pamafunika "up". Ine ndikuti munthu wa ku Malawi, wophunzira, angalakwitse bwanji Chingerezi cha kwawo? Tiweruzeni.

YANKHO

Mayi, nonse awiri muli ndi mbali yanu, koma pa mayeso mwanayo ndiye angapeze malikisi. M'Chingerezi cha m'mabuku, "pick" payekha ndi kusankha kapena kuthyola. Taonani mtengo wa mapichesi pakhomo panu. Mwana akakwera n'kumathyola omwe ali m'nthambi, ndiye "He is picking peaches." Mng'ono wake akamatolera omwe agwa pansi, ndiye "She is picking up peaches." Kuthyola ndi kutola, kusiyana kwake ndi "up" yekhayo. Choncho munthu wa ku London akamva "I will pick you", amayamba waganiza kuti mwasankhidwa pa gulu, monga posankha osewera mpira.

Komabe mwana wanu asamunyoze bamboyo. Ku Malawi, ku Zambia, mpaka ku Kenya, anthu ophunzira bwino amati "I will pick you" tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense amamva kuti akubwera ndi galimoto. Amatinso "He is not picking" ponena za foni. Ndi mmene Chingerezi chakhalira m'mayiko athu ano, ndipo pa malonda a pakati pa inu ndi iye palibe chomwe chawonongeka. Maganizo anga ndi akuti munthu azimva zonse ziwiri, koma iye polemba aziika "up", chifukwa wa ku Lilongwe adzamva, wa ku Johannesburg adzamva, wochonga mayeso nayenso sadzapeza chodula.

Chomwe chandidetsa nkhawa mu uthengawo si "up", koma 3 uja. Ife kuno tinazolowera kuwerenga maola mpaka 24, ndiye tikati 15 horas palibe wofunsa kuti ya usiku kapena ya masana. Anzathu a kutsidya amati 3 koloko basi, ndipo ogula mbatatesi ena amanyamuka usiku kuti akafike kumsika kusanache. Uthengawo sunanenenso malo, komanso sunanene ngati akudzatenga inu kapena matumba. Musachite manyazi kufunsa, ndalama ndi zanu. Ngati mukupita nawo limodzi, lembani kuti "Please pick me up at Calomue border at 3 pm." Ngati akudzangonyamula katundu inu n'kutsala, lembani kuti "Come and pick up the bags at Calomue at 3 pm." Ikakhala ya m'bandakucha, m'malo mwa pm muike am, ndipo muuze wa ngolo afikitse matumbawo pachipata dzulo lake.